Masiku Anayi ku Yeoville, Mumzinda wa Njuga

Mizinda yambiri ikuluikulu inamangidwa m'mbali mwa madzi. Cairo ili pa Nile, Kinshasa pa mtsinje wa Congo, Beira ndi Dar es Salaam pagombe la nyanja yamchere. Mzinda wa Johannesburg ulibe nyanja, ulibe mtsinje woti bwato n'kuyendamo, ndipo madzi akumwa amachita kupopa kuchokera ku Vaal, kutali kum'mwera. Chimene chinaika mzinda pamtunda wouma chonchi ndi golide amene George Harrison anamupeza pa famu ya Langlaagte m'chaka cha 1886. Mbiri imati mkuluyu anagulitsa malo ake okumbapo pamtengo wa mapaundi 10 n'kuchoka, osamvekanso. Otsalawo anaponya chuma chawo pa mwala umene unkalowa pansi, osadziwa kuti ukathera pati. Pofika 1887, misewu isanalongosoke n'komwe, mzindawu unali kale ndi msika wa masheya komanso kalabu ya mpikisano wa mahatchi, imene bwalo lake lili ku Turffontein mpaka lero. Kubetcha kunafika msanga kuposa mipopi ya madzi.

Kwathu mzindawu timautchula kuti Joni, ndipo dzinali limabwera ndi katundu wake: bulangete lolemera, njinga, wailesi, makina osokera, nyumba ya malata. Azulu amati eGoli, kwa golide. Timabuku ta alendo ta masiku ano timaonetsa mzindawu ndi nyumba za njuga zowala usiku: Montecasino ku Fourways, Emperors Palace pafupi ndi bwalo la ndege la O.R. Tambo, ndi Gold Reef City kum'mwera kwa tauni. Koma njuga ya Joni sinayambire m'nyumba zimenezi, ndipo si onse otchova amene anakhalapo pa tebulo. Amene ali ndi masiku ochepa ndipo akufuna kuimvetsa njugayi, ayambire ku Yeoville, dera limene alendo ambiri amachenjezedwa kuti asapondeko.

Ine ndinakhalako masiku anayi, nditapita kumsonkhano wa anthu omasulira mabuku. Ndinafikira kwa msuweni wanga amene amasoka zovala m'kamsewu kena kodutsa Rockey Street. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho ndinasankha malo atatu okha: msika wa Yeoville, kaphiri ka kumapeto kwa deralo, ndi Gold Reef City.

Yeoville inakhazikitsidwa mu 1890, patangopita zaka zinayi golide atapezeka. Dzinali linachokera kwa Thomas Yeo Sherwell, munthu wa ku Yeovil ku England. Ogulitsa malo ankakopa olemera ponena kuti pachitunda pamenepa mpweya ndi wabwino, kutali ndi fumbi ndi utsi wa kumigodi. Eni migodi ambiri anakamanga ku Parktown, ndipo Yeoville inatsalira anthu a pakatikati, makamaka Ayuda othawa umphawi ndi nkhanza kum'mawa kwa Ulaya, ambiri a iwo ochokera ku Lithuania. Ronnie Kasrils, amene pambuyo pake anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi tsankho n'kudzakhala nduna, anakulira m'misewu imeneyi. Mu 1961 Nelson Mandela, apolisi akumusakasaka, anabisala kwa milungu ingapo m'kanyumba ka mtolankhani Wolfie Kodesh cha komwekuno. Ankaika mkaka pawindo kuti usase, mpaka tsiku lina anamva anthu awiri akuda akudabwa panja kuti mkaka wosasa ukutani pawindo la mzungu. Anadziwa kuti nthawi yosamuka yakwana.

Lamulo logawa malo okhala potengera khungu, la 1950, linkati Yeoville ndi ya azungu okha. Koma m'zaka za m'ma 1980 Rockey Street inasanduka malo amene oimba, atolankhani ndi ophunzira, akuda ndi oyera, ankamwera limodzi lamulolo likadalipo. Linafafanizidwa mu 1991. Chitadutsa chisankho cha 1994, azungu ambiri anasamukira kumpoto kwa mzinda, ndipo nyumba zawo zinalandira anthu a ku Congo, Nigeria, Cameroon, Ghana, Ethiopia, Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi. Mumsika umene unatsegulidwa mu 1999 ndinamva Chilingala, Chifalansa, Chindebele, Chiyao ndi Chichewa m'kanjira kamodzi. Mayi wina wa ku Congo ankagulitsa masamba osinja amene iye amati pondu, ine n'kuona kuti ndi chigwada chathu chomwe. Kwa zaka zoposa 130, Yeoville yakhala khomo lofikirapo anthu amene asiya kwawo n'kubetcha moyo wawo pa mzindawu. Zimene zimasintha ndi zilankhulo zokha.

Madzulo a tsiku lachiwiri tinakwera kaphiri, kudutsa thanki yamadzi yachitsulo imene yaima pamenepo zaka zoposa 100. Pamwamba pake pamakhala magulu a anthu opemphera, ena ovala zoyera, ena atagwada okhaokha pamiyala, nkhope zitaloza mzinda. Chapafupi pali Ponte, nyumba yobulungira ya nsanjika 54 yomangidwa mu 1975, imene poyamba inali ya azungu opeza bwino, kenako n'kusiyidwa mpaka ena anaganiza zoisandutsa ndende, ndipo tsopano anaikonzanso. Pansi pali bwalo la Ellis Park. Kupitirira nyumba zitalizitali za pakati pa tauni, maso amakagwera pa milu yachikasu, yosalala pamwamba, yondandalika kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo.

"Asuweni, mukuiona milu ijayi?" anatero mnzangayo. "Agogo aja ndi amene anaunjika."

Sankanena mwanthabwala. Agogo athu aamuna anapita ku Joni kawiri pa Wenela, ndipo miluyo ndi mwala wopera umene unatsala golide atachotsedwamo. Kukula kwake kumafotokoza mmene njuga ya migodi inkayendera. Golide wa ku Witwatersrand ndi wambiri koma womwazika: pa tani yonse ya mwala mumatuluka magalamu ochepa chabe, ndipo mwalawo umapezeka pansi kwambiri. Kwa zaka zambiri mtengo wa golide unali womangidwa. Kuyambira 1934 unakhala pa madola 35 pa aunsi kwa zaka zoposa 30. Mwini mgodi sakanatha kukweza mtengo, choncho phindu lake linkadalira chinthu chimodzi: kupeza anthu ochuluka okumba pa malipiro otsika. Mabwana a migodi anagwirizana kuti asamapikisane pa malipiro, n'kukhazikitsa bungwe limodzi lolemba anthu ntchito kunja kwa dziko, Witwatersrand Native Labour Association. Makolo athu analifupikitsa kuti Wenela, ndipo litasintha dzina mu 1977 kukhala TEBA, iwo anati Theba.

Anthu a ku Nyasaland anayamba kutengedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ankafa ndi chibayo mochuluka kwambiri moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, koma ngakhale chili chikhalire anthu ankapitabe paokha, wapansi. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, amene anagwira ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925. Wina anali Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la ICU, limene linakula kukhala gulu lalikulu la antchito akuda m'zaka zimenezo. Awa ndi amene mayina awo analembedwa. Ena masauzande ambiri ankadziwika ndi nambala ya pakhadi.

Munthu wa Wenela ankadziwa chimene angapate. Gawo la malipiro ake linkasungidwa kuti akalandirire kwawo, ndipo ndalama zimenezo zinakhoma misonkho, zinalipira sukulu, zinagula ng'ombe ndi kutsegula magolosale m'midzi yambiri. Chimene sankauzidwa bwinobwino ndi chimene iye waika pa tebulo. Fumbi la mwala wobooledwa limalowa m'mapapo n'kuwaumitsa pang'onopang'ono. Matendawa, a silicosis, sachizika, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu. Nthawi zambiri amaonekera munthu atabwerera kale kumudzi, kumene chifuwa chake chinkatchedwa dzina lina, ndipo mgodi sunkalipira kanthu. Ena sanabwerere konse, mpaka chilankhulo chathu chinawapezera dzina lakuti matchona.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya South Africa anaposa 100,000. Boma la Kamuzu linali litatsegula ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho mu 1967, ndipo ngongole ya ku South Africa inathandiza kumanga likulu latsopano ku Lilongwe. Anthu ankanyamulidwa pa ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, n'kupitiriza pa sitima yapamtunda. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yobwerera ku Malawi inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu 78, ndipo oposa 70 mwa iwo anali Amalawi amene anali atamaliza kontrakiti, katundu ali m'manja. Kamuzu analetsa Wenela nthawi yomweyo. Ulendo unayambiranso mu 1977 ndi anthu ochepa, n'kuthera pa mkangano wa mu 1988 wokhudza kuyeza Amalawi kachilombo ka HIV.

Ndi mbiri imeneyi m'mutu, tsiku lachitatu ndinapita ku Gold Reef City. Malowa anamangidwa pa chitsime nambala 14 cha mgodi wakale wa Crown Mines, umene unatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Mbali ina kuli kasino ndi hotela, mbali ina kuli bwalo la zisangalalo lomangidwa ngati Johannesburg wa m'ma 1890. Alendo amavala chipewa cholimba, kupatsidwa nyali, n'kutsika pa chikepe kukaona ngalande za pamwambamwamba, chifukwa za pansi zinadzaza madzi. Amaonanso golide wosungunuka akuthiridwa m'chikombole. Pali chosewerera china chotchedwa Tower of Terror, chimene chimagwetsa anthu kuchokera pa nsanja yachitsulo ya mgodi kulowa m'dzenje. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndikumvera anthu amene alipira ndalama kuti akuwe kwa masekondi ochepa akugwera kumdima kumene agogo ankatsikira m'bandakucha uliwonse. Sindikuwadzudzula, ana ankasangalala ndithu. Koma m'tauni yakale yongoyerekezayo munali mabala a mowa ndi nyumba zokongola za azungu, ndipo sindinamvemo fungo la komboni mmene amuna ambirimbiri ankagona pa mashelefu a simenti, akazi awo ali kutali.

Mmene kasino inafikira pamenepa ndi mbiri payokha. Boma la tsankho, lodalira kwambiri mpingo wa Dutch Reformed, linaletsa njuga ndi lamulo la 1965, kupatula kubetcha pa mahatchi. Koma boma lomwelo linali kudula timaiko ta anthu akuda n'kumati ndi todziimira patokha, ndipo m'timaiko timeneti lamulolo silinkagwira ntchito. Bophuthatswana itapatsidwa ufulu wa dzina lokha mu 1977, Sol Kerzner, mwana wa Ayuda obwera kuchokera kum'mawa kwa Ulaya, anatsegulako Sun City mu December 1979. Azungu a mu Johannesburg ankayenda maola awiri pagalimoto kukachita zimene anadziletsa kwawo, pakati pa midzi ya anthu osauka. Boma latsopano linaloleza makasino ndi lamulo la 1996, n'kuika malire a ziphaso 40 m'dziko lonse, ndipo ofuna chiphaso ankayenera kuonetsa chimene adzachitire anthu. Gulu limene linkafuna chiphaso cha Gold Reef City linalonjeza nyumba yosungiramo mbiri. Umu ndi mmene inabadwira Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001 pafupi ndi kasinoyo. Pakati pa eni ndalama panali mapasa Abe ndi Solly Krok, amene analemera pogulitsa mafuta oyeretsa khungu kwa anthu akuda.

Nyumbayo ndi yabwino, ndipo aliyense wofika mu Johannesburg ayenera kuiona. Pakhomo pake amakupatsa tikiti yolembedwa kuti ndiwe mzungu kapena si mzungu, mosayang'ana khungu lako, ndipo umalowera pa chipata chogwirizana ndi tikitiyo. Cholinga chake n'choti mlendo alawe mmene zimakhalira pamene moyo wako wonse wagamulidwa ndi chinthu chimene sunasankhe. Ine chinandikhudza n'chakuti phunzirolo likuperekedwa mwa maere, m'nyumba yomangidwa ndi ndalama za njuga, pamwamba pa mgodi.

Osauka a mzindawu anali ndi njuga yawoyawo kale makasino asanaloledwe. Dzina lake ndi fafi, masewera a manambala amene anafala kudzera mwa Matchaina a m'dzikomo, amene nawonso tsankho linawatsekera ntchito zambiri. Ufrieda Ho analemba za bambo ake, amene ankayendetsa fafi, m'buku la Paper Sons and Daughters. Manambala ake ndi 36, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake: 1 ndi mfumu, 2 ndi pusi, 4 ndi munthu wakufa. Munthu amasankha nambala potengera maloto a usiku wapitawo, wothamanga amasonkhanitsa ndalama m'kathumba, ndipo mwini masewera amafika pagalimoto n'kuulula nambala ya tsikulo. Antchito a m'nyumba za azungu, m'madera ngati Yeoville, ankaitchova kwambiri. Tsono taonani masamu ake. Wopambana kawirikawiri amalandira kuchulukitsa ka 28, kutanthauza kuti mutaika R1 pa manambala onse 36, mubwezeredwa R28 yokha. Pa gudumu la roulette la manambala 37 la m'kasino, mutaika R1 paliponse mubwezeredwa R36. Onse awiri amadya otchova, koma wosauka amadyedwa kwambiri. Lamulo limeneli ndi lomwe lija la kumgodi: amene ali ndi zochepa ndiye amapatsidwa mwayi woipa, ndipo mwini tebulo saluza.

Lero m'misewu ya Raleigh ndi Rockey muli mashopu obetcha mpira, ndipo ambiri amangobetchera pa foni, monga achitira achinyamata ku Ndirande ndi ku Kawale. Koma njuga yaikulu ikadali ulendo weniweniwo. Mabasi amanyamuka ku Blantyre, Lilongwe, Mangochi ndi Mzimba, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Wenela kulibenso, choncho kulibe kontrakiti, kulibe ndalama yosungidwa, kulibe tikiti yobwerera. Munthu amagulitsa mbuzi kapena kukongola kuti akagwire ntchito ya m'munda wa maluwa, ya ulonda, ya m'nyumba, kapena ya utelala. Ena zimawayendera: msuweni wanga wamanga nyumba kumudzi ndipo akuphunzitsa ana atatu. Ena amakumana ndi zina. Mu May 2008 ziwawa zodana ndi obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake zothawa ziwawa zina. Pa 31 August 2023 moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba ya Usindiso pakati pa mzinda, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi.

Nditamufunsa msuweni wanga ngati sachita mantha, anayankha ali pa makina: "Asuweni, kumudzi nakonso n'kutchova. Ukadzala chimanga umabetcha pa mvula ndi pa mtengo wa feteleza. Kuno bola ndimaona manambala." Sindinamutsutse. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo randi imene amatumiza kwa amayi ake inagula zambiri tsiku lomwelo. Opita ku Joni si opusa, ndipo sanakhalepo opusa. Amawerengera bwino, kungoti matebulo onse amene ali nawo pafupi ndi a eni ake.

Pali njuga imodzi yokha imene mwini tebulo anakakamizidwa kubweza. Patatha zaka zambiri za milandu, makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide anagwirizana mu 2018 kupereka ndalama zosachepera R5 biliyoni kwa anthu amene anadwala silicosis kapena chifuwa chachikulu chifukwa cha ntchito, ndipo khoti la ku Johannesburg linavomereza mu July 2019. Ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza amene anagwira ntchito m'migodi yotchulidwa m'panganolo kuyambira March 1965, kuphatikizapo a m'maiko oyandikana nawo komanso mabanja a amene anamwalira. Zaka zimenezo ndi zomwe Amalawi anali ochuluka kwambiri pansi pa nthaka ya Joni. Koma kuti munthu alandire pamafunika umboni: mgodi umene anagwirako, zaka zake, nambala yake, ndi zikalata za chipatala kapena za imfa. Ambiri a iwo ndi okalamba tsopano, ndipo amasiye awo nawonso akutha.

Choncho amene mudzapite ku Johannesburg kwa masiku ochepa, konzani ulendo wanu motere. Yambani ndi Yeoville masana, muli ndi munthu wodziwa deralo. Idyani mumsika, kwerani kaphiri, muone milu yachikasu isanathe, pakuti makampani akuiperanso kuti achotsemo golide wotsalira. Kenako tsikani mumgodi, mulowe m'nyumba ya mbiri ija, ndipo kasino ikhale yomalizira, mutanyamula ndalama yokhayo imene mungaitaye osadandaula. Mukabwerera kwanu, pitani kwa agogo kapena kwa amalume amene anapitako pa Theba. Afunseni dzina la mgodi, chaka chimene anatsika koyamba, ndi mawu a Fanakalo amene kapitawo ankawakalipira nawo, ndipo mulembe zonsezo. Apempheni atsegule sutikesi yachitsulo ija. Khadi lakale lokhala ndi nambala limene lili pansi pa mabulangete likhoza kukhala tikiti imene sinalipidwebe.